Tsiku Limene Helikopita Inatera pa Ufa wa Amayi

Abambo anga ankagwira ntchito yoitana helikopita. Ndikanena choncho anthu amandiyang'ana ngati ndalawa kachasu, koma inalidi ntchito, yolembedwa ndi kapitawo. Pa famu yomwe ndinabadwira, pakati pa Chegutu ndi Kadoma, mzungu ankalima thonje lambiri moti kupopera mankhwala ndi mapampu a kumsana kukanatha chaka. Ndiye thonje likayamba maluwa ankabwereka helikopita. Woyendetsa akakhala m'mwambamo sadziwa mzere umene wapopera kale, thonje lonse limangofanana. Pamafunika munthu woima kumapeto kwa munda ndi mbendera yoyera yomangirira pa nsungwi, kuitukula, kuikupiza, kuti ndegeyo ilunjike pa iye. Ikadutsa pamutu pake iye amasunthira pa mzere wina n'kutukulanso. Munthu ameneyo anali abambo.

Mankhwala ankawagwera ngati mawawa. Amayi ankati m'nyumba mwathu udzudzu unkaluma tonse, koma ukafika pa abambo unkapatuka wokha. Chifuwa chimene anachitenga m'mundamo sichinawasiye mpaka kumanda, koma kudandaula ayi. Iwo ankaona kuti pa famu yonse munthu amene ndege inkamumvera anali iwo.

Ife ana ndiye tinaziona. Malamulo a helikopita tinawaloweza tisanaloweze Malamulo Khumi. Suyifikira kumbuyo, chifukwa kumchira kuli kampeni kakang'ono kozungulira, kosaoneka ndi maso, kamene kamadula munthu asanakuwe. Umaifikira kutsogolo, woyendetsa akukuona, iwe utawerama, chipewa chili m'manja. Nsalu, mkeka, pepala, chilichonse chouluka chisakhale pafupi, chifukwa chikakodwa m'mapeni apamwambawo mwafa nonse. Ndipo kunena kokha sikunkawakwana. Ankaimika wilibala pabwalo, ati ndiyo helikopita, ife n'kumaifikira mmodzimmodzi titapinda msana. Mng'ono wanga tsiku lina anaidutsa kumbuyo, abambo n'kulengeza kuti wamwalira, ndiwo zake tigawane. Analira mwana uja mpaka amayi analowererapo ndi mthiko.

Mafamu atayamba kulandidwa, yathu nayo inapita. Olowamo atsopano anatiuza kuti tibwerere kumudzi kwathu. Kumudzi kwake kuti? Abambo anachoka ku Malawi ali kumsana kwa agogo, amayi anabadwira pa mgodi, ine ku Malawiko ndinkangokumva m'nyimbo za kutchalitchi. Tinakwera lole n'kukatsikira ku lokeshoni ya Pfupajena, m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya eni. Pa lolepo malo anachepa. Amayi anasiya kabati n'kutenga mtondo. Abambo anasiya njinga yopanda matayala n'kutenga nsungwi yawo ya mbendera, imene amayi anaisandutsa mzati wa chingwe choyanikapo zovala.

Ku lokeshoni abambo analibe chochita. Ankakhala pansi pa mtengo ndi madoda anzawo, kusewera bawo ndi kusimba za helikopita. Ankawauza kuti imaima chiimire m'malere, imabwerera cham'mbuyo, imatera ngakhale paseri pa khola, imanyamula odwala ndi madzi ozimira moto. Ankawauzanso kuti injini ikazima m'mwamba sigwa ngati mwala, mphepo imapitiriza kuzunguza mapeni aja, ndegeyo n'kutsika pang'onopang'ono. Apa ndiye madoda ankaseka mpaka kugwetsa njere za bawo. Bodza nalo linalipo, sindingakane. Ulendo wopita ku Bulawayo umene ankati anakwera helikopita, ine sindikuudziwa, ndipo amayi ankati kutalika konse kumene abambo anafikako ndi pamwamba pa nkhokwe. Choncho zoona ndi zonama zinkasekedwa pamodzi. Helikopita ikadutsa, kaya ikupita kukathamangitsa okumba golide ku Muzvezve, kaya yanyamula akuluakulu, madoda ankakuwa m'Chishona, "Achimwene, chikopokopo chanu icho, chiitaneni chitere!" Abambo ankaseka nawo, koma pobwera kunyumba ankangokhala duu. Zinkandipweteka, ngakhale inenso nkhanizo zinali zitanditopetsa.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, ngati kumeneko tingakutche kugwira ntchito. Makina ankalira magetsi akabwera, ndipo malipiro nthawi zina ankangokhala nsalu imene taomba tokha. Ndinali ndi mwamuna wondifuna, Mshona, wokonza makina opunthira thonje ku Kadoma. Munthu wabwino, koma pakamwa pake palibe chitseko. Anandiuza kuti akwawo atumiza anthu awiri kudzaona banja lathu nkhani ya ukwati isanayambe: amalume ake, amene iye ankawatcha sekuru, ndi azakhali ake, a tete. Kenaka, osafunsidwa, anawonjezera zimene a tete ananena. Ati Mabhurandaya, dzina limene ankatitcha ife a ku Malawi, alibe mudzi, alibe mwambo, ndi anthu a m'komboni basi, nanga tikakwatirako chiyani? Ine nanenso kupusa, ndinakazitula kwa amayi zonse zili zotentha.

Amayi sanakalipe. Anangomanganso chitenje chawo n'kunena kuti, "Abwere. Adzadya nsima ya ufa woyera."

Abale inu, chinali chaka chimene m'mashopu munali mashelefu okhaokha. Munthu akapeza chimanga ankathamangira nacho kuchigayo kuti chigayidwe chonse, madeya ndi mitima yomwe, mgaiwa uchuluke. Anansi athu nsima yawo, imene amaitcha sadza, inali imeneyo, ndipo ifenso tinkadya yomweyo. Koma amayi anati mlendo wa chikwati sapatsidwa mgaiwa, umenewo ndi wa kundende ndi kusukulu yogonera konko. Ndinatenga nsalu zanga za malipiro n'kukasinthanitsa ndi chimanga kumidzi. Amayi anachikonola mu mtondo uja, anapeta, gaga n'kumauluka nkhuku za eni zikuvina. Mayi mwini nyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Gogo, mwapenga? Chimanga chochepa kale mukuchivulanso malaya?" Amayi anangopitiriza kupeta. Mphale anaiviika m'ndowa masiku angapo mpaka fungo lowawasa linadzaza mpanda wonse, mayi mwini nyumba n'kufunsa ngati tayamba kutcheza mowa. Tinaitsuka, tinaiyanika. Kuchigayo magetsi kunalibe, ndiye tinatibula tokha, ine ndi amayi, misi iwiri mu mtondo umodzi, mpaka manja anga anatuluka matuza. Ufa unatuluka woyera mbee, wosalala, ndipo ngakhale mayi mwini nyumba anabwera kudzautsina ndi zala.

Ufa wotere umafuna dzuwa, apo ayi umanunkha chinyontho. Pakhomo pathu sipakanatheka, paipi ya zonyansa inali itaphulika kalekale ndipo madzi ake ankadutsa pafupi ndi khitchini. Malo oyera ndi otambalala anali amodzi okha, bwalo la mpira la kuseri kwa tchalitchi, pakati pake pamene udzu unatha ndi mapazi a anyamata. Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, tinayala mikeka pamenepo n'kumwaza ufa wonse. Abambo anapatsidwa udindo wolondera mbuzi, nkhuku ndi ana. Iwo anazula nsungwi yawo pa chingwe cha zovala, n'kumangirira thumba loyera kunsonga, ati loingitsira nkhuku. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, koma anawaleka.

Ine ndi amayi tinabwerera kunyumba kukatenga lichero ndi sefa. Tili m'njira yobwerera kubwalo, tinamva phaphapha wa kutali. Inali nyengo ya zisankho, ndipo tsikulo kunali msonkhano wa chipani ku bwalo lina, mbali ina ya tawuni. Helikopita inatulukira pamwamba pa madenga, inazungulira kamodzi, inazunguliranso, ngati munthu wosaka nyumba mu msewu wachilendo. Amayi anaponya lichero pansi. "Mayo ine, ufa wanga!" Sindinkadziwa kuti mayi wa msinkhu umenewo angathamange chotero.

Titakhota pa tchalitchi ndinawaona abambo. Anali ataima njo kumapeto kwa mikeka, miyendo atatangadza, nsungwi ili m'mwamba, akuikupiza uku ndi uku mwadongosolo ngati kale m'munda wa thonje. Amayi anakuwa, "Bambo ake, tsitsani chimenecho!" Ndani akanamva? Helikopita inaima m'malere, inatembenuza mphuno, n'kulunjika pa iwo.

Zimene zinatsatira ndimazionabe ndikatsinzina. Ufa unanyamuka wonse nthawi imodzi. Bwalo linasanduka mtambo, tchalitchi chinasowa, dzuwa linasowa, mbuzi zinathawa zikulira. Mkeka wina unauluka n'kukakola pa golo. Wina unayamba kunyamuka cha pafupi ndi ndegeyo, abambo n'kuugwera ndi mimba, chifukwa lamulo lawo la zinthu zouluka linali lisanawachoke. Woyendetsa nayenso ayenera kuti sankaona kanthu, pakuti ndegeyo inadzandira kaye isanakhale pansi. Ana a lokeshoni yonse anatulukira m'mipanda akuthamanga, ndipo ena analunjika kumchira kwenikweniko. Abambo anadzuka pa mkeka paja n'kubangula. Anatukwana m'Chichewa, m'Chishona, mpaka m'Chilapalapa cha m'migodi chimene sindinkadziwa kuti amachitha. Anapingasa nsungwi ija, ana onse n'kuima chilili. Pamenepo ndiye ndinachita mantha enieni, poona kuti kampeni kaja n'koona sikaoneka.

Kenaka abambo anavula chipewa, anawerama, n'kuifikira ndegeyo cha kutsogolo, ndendende mmene tinkaifikira wilibala. Woyendetsa anali mnyamata wa msinkhu wanga. Anatsegula kazenera n'kufunsa ngati msonkhano uli pano. Anali atauzidwa kuti pabwalo pathiridwa laimu woyera ndipo pakhala munthu wa mbendera. Abambo, oyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anamulozera kumene kunali msonkhano, akumutcha bwana mawu alionse. Kumbuyo kunali munthu wamkulu wa suti. Anasuzumira, anayetsemula, n'kutseka chitseko. Abambo anabwerera cham'mbuyo atawerama, anaingitsa ana, ndipo, Mulungu andikhululukire, anatukulanso mbendera kuti inyamuke. Ufa umene unatsala pofika unapita ponyamuka.

Kunagwa bata. Amayi anakhala pansi pakati pa bwalo, miyendo atatambalitsa. Abambo anabwera pang'onopang'ono.

"Mwaiitana," anatero amayi.

"Ndimaithamangitsa, mayi a ana. Ndimadziwa kuti mphepo yake imwaza ufa."

"Kuthamangitsa kwake kumeneko?"

"Manjawa ndi amene anazolowera."

"Nanga mukumwetulira chiyani?"

Ankamwetuliradi. Anayesa kubisa ndi chipewa koma mano ankaonekerabe. Madoda a bawo anali atafika, akuwagwira chanza, kuwasisita pamsana ufa n'kumafuka. "Achimwene, tinkayesa bodza! Yamvera ndithu!" Chichokereni pa famu sindinawaonepo abambo atatalika chotero. Ndipo amayi, amene sanalire tsiku limene tinakwera lole, analira pamenepo anthu akuona. Ine ndinapsa mtima moti ndikanatha kuithyola nsungwi ija pa bondo.

Amayi atapukuta misozi anagwada n'kuyamba kuwola. Tinakutumula mikeka, tinakokola ufa umene unaunjikana m'tsinde mwa khoma la tchalitchi ndi m'mizu ya udzu, wosakanikirana ndi mchenga, timitengo ndi zina zimene mbuzi zinasiya. Mayi mwini nyumba anabweretsa sefa yake ya mabowo ang'onoang'ono. Tinasefa, tinasefanso, kenaka amayi anatenga mpango wawo wopyapyala wa kutchalitchi n'kusefera pamenepo. Pa ufa wonse uja panatsala wokwana mphika umodzi.

Madzulo amayi anatiitana tonse. Mawu awo anali otsika. "Anthu aja akadzamva kuti ndawadyetsa zosesa pa bwalo la mpira, adzati ananena zoona, ndife a m'komboni. Mwana uyu adzalowa m'banja lawo ndi dzina limenelo. Nkhani ya ndegeyi ikangoyamba, ithera pa ufa. Ndiye mawa m'nyumba muno mulibe helikopita." Ananena akuyang'ana khoma, koma tonse tinadziwa mwini wake wa mawuwo. Abambo anatsokomola n'kutuluka panja.

Alendo anafika masana. Sekuru anali mkulu wansangala, wa jekete lothina m'khwapa. A tete anali aafupi, maso akuthwa, ndipo polowa anayang'ana denga, pansi, makatani ndi zikhadabo zanga. Moni unatenga nthawi yake, kuomba m'manja mwa Chishona, kugwada mwa kwathu. Ndinazungulira ndi madzi osamba m'manja. Amayi anabweretsa nkhuku, nkhwani wotendera, n'kuvundukula mbale ya nsima. A tete anatema pang'ono, anakanya m'manja, anayang'anitsitsa cha kuwala kwa pakhomo.

"Sadza iyi mwaitani kuti iyere chonchi?"

Amayi, atagwada cha pakhomo, anafotokoza zonse, kukonola, kupeta, kuviika, kutibula. Za kuyanika anangodutsapo msanga. Anati amayi awo ankatero, agogo awonso ankatero, ndipo kwathu mwana wamkazi sapita kubanja asanadziwe zimenezi. A tete anagwedeza mutu n'kutemanso mbamu yokulirapo. Mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Ndiye sekuru analuma kamchenga. Kanalira kuti khwee, tonse tinamva. Mkulu uja anasiya kaye kutafuna, anameza mwaulemu, ndipo pofuna kuphimba manyazi a aliyense anayambitsa nkhani.

"Achimwene, m'basi anthu amakamba zodabwitsa. Akuti dzulo chikopokopo chinatera konkuno ku Pfupajena, pa bwalo la mpira. Akuti anachiitana ndi mkulu wina wa kwanu, ndi ndodo chabe, icho n'kumvera. Mukumudziwa? Munthu ameneyo ndikanakonda nditakumana naye. Moyo wanga wonse ndimafuna wina atandifotokozera kuti chinthu cholemera chotero chimaima bwanji m'malere osagwa."

Zaka zonse zija pansi pa mtengo, palibe anafunsapo abambo funso limenelo ndi mtima wofuna kumva. Dzanja lawo lamanja linanyamuka lokha, chala chitaloza kudenga, chokonzeka kuzungulira. M'khutu mwawo munali mukadali ufa umene madzi sanaufike. Anatsegula pakamwa, anayang'ana amayi pakhomo paja. Amayi sanawatsinzinire diso, sanawapatse chizindikiro chilichonse, anangoweramitsa mutu. Dzanja lija linatsika n'kukatema nsima.

"Ine za ndege sindizidziwa, sekuru," anatero. "Ndinali munthu wa m'munda wa thonje basi. Idyani, ikuzizira."

Alendo anadya mpaka mbale inayera. Potsanzika a tete anagwira amayi dzanja ndi manja awiri, n'kupempha kuti ndikadzapita kwawo ndidzatenge mtondo. Tinawaperekeza mpaka pokwerera basi, ine ndikupemphera njira yonse kuti tisakumane ndi madoda a bawo.

Pobwera tinapeza abambo atabwezera kale nsungwi pa chingwe cha zovala. Anakhala pa sitepe ya kuseri, chipewa chili pa bondo, akutsokomola pang'onopang'ono. Sanatifunse kuti alendo akwera bwanji. Amayi analowa m'nyumba, anatenga kampando kawo, n'kudzakhala pafupi nawo. Pa moyo wawo wonse nkhani za helikopita zikayamba amayi ankakumbukira kuti pamoto pali mphika. Tsiku limenelo anakonza chitenje pa maondo n'kunena kuti, "Bambo ake, tandiuzani bwinobwino. Injini ikazima m'mwambamo, mumati imatsika bwanji?"

Abambo anawayang'ana kaye, kuona ngati akuwaseka. Kenaka anatukula chala chija n'kuyamba kuchizunguza, ndipo amayi anamvetsera mpaka kumapeto.